Kodi akufuna mwanayu adziwe chiyani?

Ku America, mwana akalowa yunivesite kuti adzakhale injiniya, samulola kungolunjika pa zauinjiniya. Amayamba amupatsa makosi amene aliyense ayenera kuchita, kaya adzakhala namwino kaya wowerengera ndalama: kulemba, masamu, sayansi, mbiri yakale, zaluso ndi kayendetsedwe ka boma. Ngakhale ku MIT, sukulu yotchuka ndi mainjiniya, wophunzira aliyense amachita makosi 8 a zinthu monga mbiri, nyimbo, zolembalemba ndi zachuma. Ife kuno tinazolowera zina. Mwana akakhoza bwino MSCE, dzina lake limatuluka pamodzi ndi pulogalamu imene amusankhira, ndipo pofika pakoleji amakhala akudziwa kale kuti iye ndi wa zaulimi kapena wa unamwino.

Mwambo wa ku Americawu ndimaukonda ndithu. Ndimafuna dokotala wondipima akhale woti anawerengako mbiri ya anthu, ndipo wolemba nkhani m'nyuzipepala asamathawe manambala. Chimene chikundizunguza mutu ndi mapepala amene masukuluwa amalemba pofotokoza cholinga cha makosi a onsewo. Ndikawawerenga ndimatsala ndi mafunso achibwana, oti mwina akuluakulu a maphunziro anawayankha kalekale. Komabe safunsa adadya phula.

Za ku Texas zinalembedwa momveka, choncho ndiyambira kumeneko. Digiri ya zaka zinayi ku America amaiwerengera ndi maola. Kosi imodzi nthawi zambiri imakhala ya maola 3, digiri yonse maola 120. M'makoleji ndi m'mayunivesite onse a boma la Texas, maola 42 mwa amenewo ndi a makosi a onse, kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a digiri. Maola 6 ndi a kulemba ndi kulankhula, 3 a masamu, 6 a sayansi, 6 a mbiri ya America, 6 a kayendetsedwe ka boma, ndipo otsalawo amapita ku zaluso, chikhalidwe ndi zina. Wophunzira akamaliza maola 42 amenewa pakoleji ina n'kusamukira kwina, sukulu yatsopanoyo iyenera kuwalandira onse. Mpaka pamenepa ndikumva bwinobwino. Kenaka, kuyambira mu 2014, makosiwa anapatsidwa zolinga 6 zoti azikwaniritsa: wophunzira aziganiza mozama, azifotokoza zinthu momveka, azigwiritsa ntchito manambala ndi umboni, azitha kugwira ntchito ndi anzake, azisamala za anthu amene akukhala nawo, ndiponso azidziwa udindo wake pa zochita zake.

Ndani angakane zimenezi? Kodi ilipo sukulu pansi pano imene imafuna ana ake aziganiza mopepera, azilankhula zosamveka, azikangana ndi anzawo pantchito? Mphunzitsi wa Sitandade 5 akhoza kupachika zolinga zomwezi m'kalasi mwake osasinthako kalikonse. Ku seminale akhoza kuzilandira, kusukulu ya asilikali chimodzimodzi. Nanga ngati cholinga chikukwana paliponse, chikundiuza chiyani za yunivesite? Ndimaganiza za komiti imene yakhala pansi kuti isankhe pakati pa makosi awiri, ina ya mbiri ya ukapolo, ina ya mbiri ya nyimbo za m'mafilimu. Eni makosi onse awiri alemba pafomu kuti kosi yawo imaphunzitsa kuganiza mozama, ndipo palibe amene akunama. Komitiyo itsegule pepala la zolinga lija, ipezamo chiyani choithandiza kusankha?

Funso lina limabwera lokha. Kuganiza mozama, inde, koma kuganiza za chiyani? Munthu saphunzira kulima pongovinitsa khasu m'malere. Amalima munda weniweni, ndipo amene anazolowera dothi la mchenga akafika pa makande amayambanso kuphunzira. Makaniko amamva kulira kwa injini n'kudziwa pamene pavuta, koma yemweyo amapusitsidwa ndi wogulitsa mankhwala ochiza matenda onse m'basi. Nzeru zake zija zathawira kuti? Kapena zinali nzeru za injini basi?

Ndinadabwa kupeza kuti funsoli ndi lakale. Mu 1828 aphunzitsi a ku Yale anatulutsa lipoti loteteza Chilatini ndi Chigiriki, ponena kuti maphunziro ovuta otere amalimbitsa bongo kuti ukathe china chilichonse. Mu 1901 Edward Thorndike ndi Robert Woodworth anayesa ngati luso limene munthu waphunzira pa ntchito ina limasamukira ku ntchito inanso, ndipo anapeza kuti limasamuka pang'ono kwambiri, makamaka pokhapokha ntchito ziwirizo zikufanana. M'zaka za m'ma 1920 Thorndike anayesanso ana a sekondale ambirimbiri, ndipo sanapeze kuti ophunzira Chilatini ankaposa anzawo kwenikweni pa kaganizidwe. Chilatini chokakamiza chinatha m'masukulu ambiri. Koma chikhulupiriro choti pali luso limodzi la kuganiza, loti ungalitole m'kosi iliyonse n'kukaligwiritsa ntchito kulikonse, ndikuchionabe m'zolinga za lero. Kodi alipo anabwera pambuyo pa Thorndike n'kutsimikiza kuti analakwitsa? Ngati palibe, bwanji pepala la zolinga silinena kuti mwanayu adziwe chakuti ndi chakuti?

Mbiri ya Harvard imandizunguzanso kwambiri. Charles Eliot atakhala mkulu wa yunivesiteyo mu 1869, anachotsa pang'onopang'ono makosi okakamiza mpaka anatsala ochepa zedi, monga kulemba Chingerezi m'chaka choyamba. Wolowa m'malo mwake mu 1909, Abbott Lawrence Lowell, anaona kuti ufuluwo wanyanya, ndipo analamula kuti wophunzira azizama pa phunziro limodzi kwinaku akulawako ena. Mu 1945, nkhondo itangotha, komiti ya aphunzitsi inatulutsa buku lotchuka ndi dzina loti Redbook, ndipo maluso amene linatchula akufanana kwambiri ndi a ku Texas aja: kaganizidwe kabwino, kufotokoza maganizo, kuweruza moyenera ndi kusiyanitsa chofunika ndi chosafunika. Mu 1978 anagwetsa dongosolo lochokera m'bukulo n'kumanga lina motsogozedwa ndi Henry Rosovsky. Mu 2007 anavomereza linanso, la magawo 8. Pasanathe zaka khumi komiti yowunika inapeza kuti silikuyenda bwino, makosi ake atachuluka kupitirira 500, ndipo mu 2019 kunayamba lina la magawo 4.

Zolinga sizinasinthe kwenikweni chichokere 1945, koma dongosolo lagwetsedwa katatu. Ndiye chimalakwika n'chiyani? Ndipo makosi 500 aja akundivuta. Ana awiri akhoza kulowa tsiku limodzi, kugona chipinda chimodzi zaka zinayi, n'kutuluka onse atakwaniritsa maphunziro a onse, koma popanda buku ngakhale limodzi limene onse awiri anawerenga. Nanga cha onse pamenepo n'chiti? Mmene makosi amachulukira sizovuta kumvetsa. Kosi ikalowa pamndandanda wa zokakamiza imadzaza ndi ophunzira, ndipo dipatimenti ya ophunzira ambiri ndi imene imapatsidwa aphunzitsi ndi ndalama. Dipatimenti iliyonse imafuna khomo lake pamndandandapo, ndipo cholinga chotambalala chimatsegulira aliyense. Sindikunena kuti alipo wochita zachinyengo. Ndikungofunsa ngati zolingazo zinalembedwa poganizira mwana wa zaka 18 uja kapena pofuna kuti pamsonkhano wa aphunzitsi pasatuluke wina atakwiya.

Ku Columbia, mumzinda wa New York, anayankha mwanjira ina, ndipo ndikawerenga za kumeneko mtima umakhalako pansi. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ophunzira amene ankakonzekera usilikali ankaphunzitsidwa zifukwa za nkhondoyo. Nkhondo itatha aphunzitsi ena anati, ngati tinatha kuwaphunzitsa za nkhondo, tiwaphunzitsenso za mtendere. Mu 1919 kunayamba kosi ya Contemporary Civilization, ndipo mu 1937 kunabwera inzake imene lero imatchedwa Literature Humanities. Zonse ziwiri zilipobe. Wophunzira aliyense wa Columbia College amazichita, iliyonse chaka chathunthu, m'magulu a anthu pafupifupi 20 okhala mozungulira tebulo ndi mphunzitsi. Mu Literature Humanities amawerenga Homer, Plato, Augustine, Dante. M'kosi inayo amawerenga Aristotle, Baibulo, Korani, Hobbes, Marx, Du Bois. Sabata imene gulu lina likulimbana ndi Plato, magulu enanso onse ali pa Plato yemweyo, moti nkhani yoyambika m'kalasi ikhoza kupitirira kumalo odyera ndi munthu amene sunakhale naye kalasi imodzi.

Apa ndikhoza kuloza ndi chala. Bambo akafunsa kuti mwana wanga akuphunzira chiyani, amuonetsa mulu wa mabuku. Akhoza kuukonda muluwo kapena kuuda, koma akuuona.

Koma pomwepo pakubuka funso limene mwana aliyense wa ku Africa angafunse asanakhale n'komwe pansi. Mabuku a ndani? Anasankha ndani? Columbia College inayamba kulandira atsikana mu 1983, ndipo kwa zaka zambiri mndandandawo unali wa amuna okhaokha. Buku la Toni Morrison, Song of Solomon, linalowa mu 2015. Augustine anabadwira ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria, koma sindikhulupirira kuti anamuika pamndandanda chifukwa choti ndi wa ku Africa. Ku Stanford nkhani yomweyi inafika pa zionetsero mu 1987, Jesse Jackson ali pakati pa ophunzira, ndipo mu 1988 anavomereza kuti kosi ya Western Culture ilowedwe m'malo ndi ina yophatikizamo olemba achikazi ndi a mitundu ina. Dziko lonse la America linakangana za nkhaniyi m'manyuzipepala. Ku Florida, mu Januwale 2024, bungwe loyang'anira mayunivesite a boma linachotsa kosi yoyambira ya sociology pamndandanda wa makosi a onse n'kuikapo ya mbiri ya America. Kumeneko osankha sanali aphunzitsi a phunzirolo.

Ifenso funso limeneli linatipeza. Kamuzu Banda anatenga digiri yake yoyamba ku University of Chicago mu 1931, ataphunzira mbiri yakale, ndipo udokotala anaumaliza ku Meharry mu 1937. Ku America ndi mmene zimayendera, udokotala umabwera pambuyo pa digiri ina. Atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, analamula kuti mwana aliyense aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Iye sanabise chimene ankati munthu wophunzira ayenera kudziwa. Anachitchula, ndipo chifukwa anachitchula, anthu akhala akutha kumufunsa, ali moyo ngakhale atapita, chifukwa chake mwana wa ku Kasungu ayenera kudziwa za Roma.

Ndiye ndayamba kukayikira chinthu china, ndipo ndikufuna wina andiuze ngati ndikuona molakwika. Kodi mwina zolinga zimalembedwa mosatchula buku, chaka, dziko kapena munthu chifukwa kutchula kumayambitsa mkangano? Ukanena kuti aliyense awerenge Plato, wina aimirira n'kufunsa za Confucius. Ukanena kuti aliyense adziwe mbiri ya ukapolo, wandale wina aimirira. Koma ukanena kuti aliyense aziganiza mozama, onse agwedeza mutu ndipo msonkhano utha msanga. Ngati zili choncho, mkanganowo sunathe ayi. Wangokankhidwira kwa mwana wa zaka 18, amene usiku wolembetsa makosi amasankha yekha, ndipo nthawi zambiri amasankha kosi yosayamba m'mamawa kapena imene anzake amuuza kuti mphunzitsi wake saumira malikisi. Sindimuimba mlandu mwanayo. Akuluakulu amene anaphunzira zaka zambiri analephera kugwirizana, ndiye iyeyo angadziwe bwanji? Kwa ine mkangano wa ku Stanford unali wabwino kuposa bata limeneli, chifukwa anthu ankalimbirana chinthu chooneka.

Tsono pali nkhani ya kuyeza. Mabungwe amene amavomereza mayunivesite ku America amafuna umboni woti zolinga zikukwaniritsidwa. Bungwe la makoleji lotchedwa AAC&U linakonza timapepala toyezera, toyamba kutuluka mu 2009, ndipo tsopano tilipo 16. Kalikonse kamagawa luso m'masitepe anayi. Kalipo koyezera kulemba, ndipo kameneko ndikukamvetsa, chifukwa cholembedwa umachigwira m'manja. Koma kaliponso koyezera kaganizidwe ka munthu pa chabwino ndi choipa, ndi kena koyezera maziko a kuphunzira moyo wonse. Mwana akalemba nkhani yabwino yosonyeza kuti ziphuphu n'zoipa n'kupeza sitepe yachinayi, tadziwa kuti amalemba bwino. Kodi tadziwanso chimene adzachite tsiku limene envulopu idzaikidwe patebulo pake? Nanga za moyo wonse tingaziyeze bwanji mwa munthu wa zaka 22?

Ku MIT komwe kuja kuli lamulo lina limene silivuta kumva. Wophunzira asanalandire digiri ayenera kusambira mayadi 100, omwe ndi mamita pafupifupi 91, kapena achite kosi yophunzira kusambira. Cholinga chake n'choti mwanayu asadzamire. Aliyense woima m'mbali mwa dziwe akhoza kuona ngati wafika tsidya. Ndikudziwa kuti zinthu zazikulu za maphunziro sizingaoneke mophweka chotero. Koma kodi palibe zina mwa izo zimene zikanatheka kulembedwa momveka ngati zimenezi?

Ndikuganiza kuti zilipo, ndipo anazipeza ndi anthu amene anapita kukayeza. Mu 2011 Richard Arum ndi Josipa Roksa anatulutsa buku lotchedwa Academically Adrift. Anatsatira ophunzira oposa 2,300 m'masukulu 24, pogwiritsa ntchito mayeso otchedwa Collegiate Learning Assessment, amene amapatsa wophunzira zikalata zingapo kuti azisanthule n'kulemba yankho. Anapeza kuti ophunzira 45 pa 100 alionse sanasonyeze kusintha kooneka pa zaka ziwiri zoyambirira, zomwe ndi zaka zimene ambiri amachita makosi a onse aja. Pa zaka zinayi, anali 36 pa 100. Akatswiri ena anatsutsa kawerengedwe kawo, ndipo n'zoona kuti mwana sangadzivutitse kwambiri ndi mayeso osalowa pa satifiketi yake. Koma m'kafukufuku yemweyo muli china chimene chinandigwira mtima kuposa manambala amenewa. Ophunzira amene anachita makosi owerengetsa masamba oposa 40 pa sabata ndi kulembetsa masamba oposa 20 pa semesita anapita patsogolo kuposa anzawo. Ndipo theka la ophunzirawo linanena kuti m'semesita yapitayo silinachite kosi ngakhale imodzi yolembetsa masamba 20.

Kuwerenga kwambiri, kulemba kwambiri, ndi munthu wokuwerengera zimene walemba. Kodi si zimene mphunzitsi aliyense wabwino amadziwa kale? Eliot, amene anachotsa pafupifupi chilichonse chokakamiza, sanachotse kosi yolemba. Ku Brown University, kumene ophunzira eni ake analimbikitsa kuti makosi okakamiza a onse athe mu 1969, mpaka lero wophunzira ayenera kusonyeza kuti amatha kulemba asanalandire digiri. Anthu osagwirizana pa china chilichonse amakumana pamenepa. Nanga bwanji zimenezi sizikhala pamwamba pa pepala la zolinga, ndi manambala ake?

Ndikayang'anitsitsa mapepala aja ndimaona kuti ziganizo zake zimayamba mofanana. Wophunzira adzatha chakuti. Wophunzira adzasonyeza chakuti. Malonjezo onse akuperekedwa m'dzina la mwana amene sanafike n'komwe pasukulupo. Ndimafunafuna chiganizo choyamba ndi sukulu. Choti yunivesite ino ikulonjeza kuti m'chaka choyamba mwana aliyense adzakhala m'kalasi imodzi ya anthu osapitirira 20. Choti adzalemba masamba akutiakuti, ndipo mphunzitsi adzawawerenga, kulembamo ndemanga, kumubwezera pasanathe masabata awiri, n'kumuuza kuti alembenso. Lonjezo lotere likaphwanyidwa, kholo likhoza kupita ku ofesi n'kukafunsa. Koma mwana akatuluka osaganiza mozama, ungakadandaule kwa yani? Adzakuuza kuti mwana wanuyo sanalimbikire.

Mwina chifukwa chake ndi ndalama. Kulemba cholinga sikudya kanthu, pamene kalasi ya anthu 20 imafuna aphunzitsi ambiri. Bungwe la mapulofesa a ku America, AAUP, linawerengera kuti mu 2021 aphunzitsi 68 pa 100 alionse m'makoleji ndi m'mayunivesite a dzikolo anali olembedwa mosakhazikika, ndipo ambiri mwa iwo anali aganyu olipidwa pa kosi iliyonse. Makosi a chaka choyamba, makamaka a kulemba, nthawi zambiri amagwera anthu amenewa pamodzi ndi ophunzira a digiri zapamwamba. Ambiri ndi aphunzitsi odzipereka kwambiri. Koma ena amaphunzitsa m'makoleji awiri kapena atatu kuti ndalama ikwane, alibe ofesi yokumaniramo ndi wophunzira, ndipo sadziwa ngati semesita yamawa adzawaitananso. Ngati makosi a onse ndiwo maziko a digiri, monga mapepala amanenera, bwanji amapatsidwa kwa anthu amene sukulu imawalipira mochepa kuposa onse? Pulofesa wamkulu amene anakhala m'komiti yolemba zolinga, kodi iye amalowamo m'kalasi ya chaka choyamba?

Tiyerekeze mayi wina wophunzitsa kulemba, amene ali ndi makalasi 5, iliyonse ya ana 25. Mwana aliyense akalemba masamba 20 aja, mayiyo ali ndi masamba 2,500 oti awerenge m'semesita ya masabata 15, kuwonjezera pa kukonzekera ndi kuphunzitsa. Akati awabweze kuti alembenso, masambawo afika 5,000. Ndipo sikuwerenga kongochonga ayi, koma koima pa chiganizo n'kumufunsa mwanayo m'mphepete mwa pepala kuti, apa ukutanthauza chiyani, umboni wako uli kuti. Inu akuluakulu amene munalemba kuti wophunzira aliyense adzatuluka akuganiza mozama ndi kufotokoza momveka, kodi pamsonkhano paja alipo anatenga pensulo n'kuwerengera kuti mayi ameneyu nthawi yochitira zimenezi aipeza kuti?